Fomu ya ababa, diso la amayi

Ababa anga, a Stefano Zakaliya, sanalakwitsepo chibadwire. Musandifunse ine, kawafunseni eni ake kwa Mavwere, mukawapeza pakhonde magalasi ali pamphuno, akakuuzani okha. Akanena kuti mvula igwa Lachitatu ndiye osagwa, yalakwa ndi mvula. Ine ndine Millicent, mwana wawo woyamba, ndimaphunzitsa sitandade sikisi pasukulu ina pa boma. Anthu amati kamwa ndinatengera iwowo, ndipo tikakhala awiri pamkeka umodzi amayi amanyamula lichero lawo n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe.

Anabadwira tsidya, m'midzi ya Achewa a ku Mozambiki, n'kuphunzira sukulu ya Chipwitikizi mpaka nkhondo inawathamangitsa. Anzawo pothawa ananyamula mbuzi ndi mabulangete. Iwo ananyamula dikishonale. Ku kampu ya othawa nkhondo ndiwo ankamasulira anthu ochokera kutali amene Chichewa sankachimva. Nkhondo itatha anzawo anabwerera kwawo, koma iwo n'kuti ataona kale amayi anga, a Veronika, a Nankhoma, akuimba kwaya. Anatsala pachikamwini, ndipo pano zaka zapitirira makumi atatu akulima mtedza ndi fodya m'munda wa akazi awo.

Ulimi amaudziwa, sindikana. Koma mtima wawo uli pa mawu. Wailesi ikalakwitsa Chichewa amaiyankha. Abusa akapotoza mwambi paguwa, ababa amatsokomola kawiri, mpingo wonse n'kudziwiratu kuti potuluka kukhala mlandu. Makalata amene ndinkawalembera ndili ku koleji ankandibwezera pa holide atawachonga ndi bolopeni yofiira. Kalata yopempha sopo, abale inu! Ku boda nako amadziwika: dalaivala wa thiraki wochokera ku Beira akasemphana ndi okonza mapepala a katundu, amaimbira foni "madala a Chipwitikizi", ndipo ababa amaweruza mlanduwo ali chiimire m'munda, khasu lili paphewa.

Ndiye chaka chatha kunabwera fomu.

Inabwera ndi mayi Tawonga, amene amachititsa mafizo anthu ofa ziwalo pachipatala china kuno. Kwawo n'ku Rumphi, munthu wabwino, wakhama, koma Chichewa chake n'cha mu ofesi. Iye ankadandaula za matenda aja okhotetsa kamwa. Munthu amagona bwinobwino, podzuka mbali imodzi ya nkhope yafa: kamwa lakhotera kumodzi, akamamwa madzi akutayikira pachibwano, diso la mbali yakufayo silikutsekeka. Ambiri amachira pakapita milungu kapena miyezi. Choopsa ndi diso. Likakhala chitsegukire usana ndi usiku limauma, fumbi n'kulowa, kenako chilonda. Mayi Tawonga ankafuna pepala limene alangizi a zaumoyo m'zipatala zazing'ono angamawerengere wodwala n'kumupatsa malikisi. Amene diso lake silikutsekeka azimupaka mafuta a m'maso, kumuphimba, n'kumutumiza ku boma tsiku lomwelo. Amene likutsekeka azibwerera kunyumba kukachita mafizo, adzaonekerenso pakatha mwezi.

Pepala lotero anali nalo kale anzake a ku Tete, ku Mozambiki, la m'Chipwitikizi, ndipo kumeneko anali ataliyesa pa anthu akumudzi. Chinatsala n'kulisandutsa Chichewa. Atafunsa pa boma kuti ndani amadziwa zilankhulo ziwirizi, aliyense analoza kwa Mavwere.

Milungu itatu yathunthu ababa sanaponde m'munda. Anatulutsa tebulo pakhonde, dikishonale ija pambali, ife tonse kumayenda monyang'ama ngati m'nyumba muli wodwala. Nditapita Loweruka lina anandikhazika pansi kuti ndimvere, osati kuti ndithandize, ayi, kungomvera basi.

Ndinene chilungamo, zina anazigwira bwino zedi. Fomu ya Chipwitikizi inkati wodwala aimbe likhweru. Ababa anati, "Mzimayi wamkulu wa kwa Mavwere angaimbe likhweru pamaso pa mwamuna wachilendo? Angakutulutseni m'chipatala chanu chomwecho." Analemba kuti achite ngati akuuzira moto. Pamene inkati akweze nsidze, iwo analemba kuti achite ngati wamva nkhani yodabwitsa. Pamene inkafunsa ngati malovu amatuluka okha, anazungulira mwaulemu mpaka funso linakhala loti munthu angayankhe osagwetsa nkhope. Ndinawayamikira, ndipo anandiyang'ana ngati ndanena kuti dzuwa limatuluka kum'mawa.

Kenako tinafika pa nambala seveni, ya diso ija.

"Mayi uja amafuna ndilembe kuti tsekani maso," anatero ababa, akuseka chapamphuno. "Tsekani maso! Maso ndi chitseko? Ali ndi loko? Chichewa chili ndi mawu ake, munthu amatsinzina."

"Ndiye lembani kuti tsinzinani," ndinatero ine.

"Iwe Milli, sukulu yonse ija inangokupita pamwamba. Tsinzinani n'kulamula. Mlangizi wazaka makumi atatu angauze gogo wa mnzake kuti tsinzinani, ngati akuuza mwana amene akumusambitsa sopo kumaso? Munthu wamkulu sumulamula, umamuitanira kuti muchitire limodzi."

Anandiwerengera zimene analemba, ndi mawu awo a kutchalitchi aja: "Tsopano tiyeni titsinzine."

Ndikanakhala wabodza ndikanati ndinaona ngozi pomwepo. Sindinaione. Ine ndinakangana nawo za zina, zoti fomu yatalika, zoti aika mipatuliro yambiri m'ziganizo. Tinakangana mpaka amayi anabwera kudzatiuza kuti nkhuku za eni zaima pampanda kumvetsera.

Mayi Tawonga sanangoilandira fomuyo chilandirelandire, anatsata ndondomeko yake. Anaitumiza ku Tete kwa munthu wina amene anali asanaonepo ya Chipwitikizi ija, kuti aibwezere m'Chipwitikizi kuchokera ku Chichewa cha ababa. Ataziika pamodzi ziwirizo, zinafanana mzere ndi mzere. Nambala seveni inabwerera bwinobwino: wodwala atseke maso. Nanga ikanabwerera bwanji? Kutsinzina n'kutsinzina. Ababa atamva anavala jekete pa Lachinayi wamba n'kuyenda mudzi wonse, aliyense wokumana naye kumuuza kuti Chichewa chawo chapita ku Mozambiki n'kubwerako osataya ngakhale kadontho. Atatero fomu inapita m'zipatala zazing'ono zinayi kuti akaiyese pa odwala enieni, ndipo chimodzi mwa izo chinali chakwathu.

Mu Juni, mtedza uli pamikukwe, kukuzizira, fumbi lili tolo, amayi anadzuka kamwa litakhotera kumanja. Mbali ya kumanzere inali itafa.

Ababa anandiimbira foni masana ake. Mawu awo anali a munthu wodandaula, inde, koma pansi pake ndinamva kenakake ngati ka mlimi amene wapeza mpata woyesa khasu latsopano. Anati anawakweza panjinga mpaka kuchipatala, ndipo a Dickson, mlangizi wathu wa zaumoyo, anawawerengera fomu. Ababawo anadikira panja pansi pa mtengo, chifukwa lamulo la mayi Tawonga linkati womasulira asakhalepo poyesa.

"Ndiye zatha bwanji?" ndinafunsa.

"Fomu yanena kuti n'zazing'ono. Diso likutsinzina. Awapatsa mapilitsi ndi mafizo, abwererenso pakatha mwezi."

"Apatseni foni amayiwo."

Amayi anabwera, mawu akutuluka mopotoka. "Ndili bwino, mwanawe, kaya iweyo. Usavutike kubwera, uli ndi ana a eni kumeneko."

Amayi anga atathyoka mwendo angakuuzeni kuti ali bwino, kaya inu. Zimenezo ndinkazidziwa. Koma kusukulu inali nthawi yokonzekera mayeso, ana eyite-foro m'kalasi imodzi, mphunzitsi mnzanga ali ku matenite. Loweruka loyamba ndinati ndipita lotsatira. Lotsatiralo kunagwa maliro a mnzathu wa pasukulu. Foni ndinkaimba, yankho lake lomwelo: ali bwino, fomu inanena. Ndinapita patatha milungu itatu, ndipo pamenepa sindinamizira munthu, ndi mlandu wanga.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuswa mtedza, atafulatira dzuwa, nsonga ya chitenje ili m'manja. Akaswa ziwiri, apukute diso. Akaswa ziwiri, apukute diso. Nditagwada kuti ndiwapatse moni anatembenuka, ndipo mtima wanga unangoti phwii. Diso la kumanzere linali psuu ngati lathiridwa tsabola, misozi ikungoyenderera patsaya lakufalo, ndipo pakati penipeni, pakuda paja, panali kadontho koyera ngati ka mkaka.

"Mayo ine! Amayi, diso ili latani?"

"Ndi fumbi la mtedzali. Lisiye."

"Mukuona nalo?"

"Ndikuona ngati kuli utsi. Likhala bwino."

Anafuna kunditsonya kuti ndisiye kuwafunsa, monga amachitira ndikawatopetsa, koma milomo inakana, mpweya unangotuluka pambali kuti fyuu. Anaseka okha ndi theka la kamwa. Ine kuseka kunandikanika.

Ndinazungulira nyumba ndikuthamanga. Ababa anali pakhonde akusoka thumba.

"Ababa, diso la amayi mwaliona?"

"Moni kaye, iwe. Unaleredwa kuti?"

"Ndati diso mwaliona?"

"Ndikuliona tsiku lililonse. Lafiira, ndi mmene matendawa amachitira. Ndawauza asiye kulipukuta ndi chitenje sakumva. Kwatsala masiku naini kuti mwezi ukwane."

"Masiku naini! Diso likuola inu mukuwerenga kalendala?"

"Fomu inanena kuti likutsinzina. Likanakhala kuti silikutsinzina akanawatumiza ku boma tsiku lomwelo. Fomu imeneyo yayesedwa mpaka ku Tete, si zolemba ana ako a sitandade sikisi."

"Nanga akagona simuliona kuti lili chitsegukire?"

"Amagona atafunda kumutu, kukuzizira kuno. Ndiziwavundukula ngati ndikusecha mbava?"

Asa! Ndinati, "Chabwino. Kope lanu lija lili kuti? Katengeni muwawerengere panopa, ine ndione ndi maso anga mmene fomu yanu imanenera."

Anadzuka monyada ndithu, kuganiza kuti akandichititsa manyazi. Anatulutsa mipando iwiri pabwalo, wina wawo wina wa amayi, kuyang'anizana monga zimakhalira kuchipatala. Ine ndinaima pambali manja ali m'chiuno. Anakonza magalasi, anakonza kukhosi, n'kuyamba. Amayi anauzira moto wosaoneka, tsaya limodzi likufufuma linalo lili lende. Anachita ngati amva nkhani yodabwitsa, nsidze imodzi yokha n'kukwera. Zonsezo ababa ankayang'anitsitsa n'kumagwedeza mutu. Kenako anatembenuza pepala.

"Tsopano tiyeni titsinzine."

Amayi anaweramitsa mutu mpaka chibwano chinagunda pachifuwa, dzanja lamanja n'kuphimba pamphumi, lamanzere pamtima. Ndi mmene amachitira kutchalitchi, pamaliro, pamsonkhano wa makolo kusukulu, paliponse pamene munthu waima kutsogolo n'kunena mawu amenewo. Chibadwire chawo sanamvepo "tiyeni titsinzine" popanda pemphero pambuyo pake. Nkhope yonse inabisika, ine ndinkangoona duku.

Ndinatembenukira kwa ababa kuti ndione ngati aona. Abale inu, nawonso anali atatsinzina! Pepala lili m'manja, mutu uli pansi, maso ali tsinzinu kuseri kwa magalasi. Anthu awiri akuluakulu pabwalo dzuwa likuswa mtengo, wodwala watsinzina, woyesa watsinzina, diso loti aliyeze palibe akuliyang'ana.

"Ababa! Tsegulani maso!"

Anadzidzimuka. Ndinagwada, ndinachotsa dzanja la amayi pamphumi, ndinawagwira chibwano n'kuwadzutsa mutu. "Amayi, musawerame. Tsinzinani muli chonchi."

Diso lamanja linatsekeka mpaka makwinya. Lamanzere linakhala yasa. Chikope chinangotsika pang'ono n'kuima, mpata wotsala woti njere ya mtedza ingalowe, diso lenilenilo litathawira m'mwamba, kukuoneka kofiira kokhakokha.

"Ndatsinzinatu," anatero amayi. "Nditsegule?"

Iwo ankadziwa kuti atsinzina. Milungu itatu yonse ankagona akudziwa kuti atsinzina.

Ababa anayang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Ndinkadikira mawu amodzi okha. Mukudziwa chimene ananena?

"Dickson sanawerenge bwino."

Ndinangotsala pang'ono kuwaponyera mpando. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndi bambo anga. Ndinati, "Tiyeni kwa a Dickson konko, ndi panjira popita kokwerera galimoto." Ndinamanga amayi kansalu koyera padiso, ndinawakweza pa kabaza, ife awiri pambuyo wapansi.

A Dickson tinawapeza kunyumba kwawo kuseri kwa chipatala akukonza njinga. Ndi bambo wofatsa, wagwira ntchito kwathu zaka zambiri, ana athu onse anawabaya katemera ndi iwowo. Ataona diso la amayi anagwira pakamwa.

"A Dickson," ndinatero, "nambala seveni mumawerenga bwanji?"

"Mmene inalembedwera, aphunzitsi. Anatiuza ku maphunziro kuti tisawonjezere kapena kuchotsa liwu ngakhale limodzi, chifukwa fomu ikuyesedwa."

"Mukawerenga, odwala amatani?"

"Amatsinzina."

"Mumawaona?"

Anakanda kumutu. "Amawerama, aphunzitsi. Ndiye munthu wamkulu wawerama, mkazi wa mwini, ine ndingamugwire chibwano? Ndimaona kuti watsinzina, ndimachonga."

"Inuyo maso anu amakhala ali pati?"

Anayang'ana ababa, anayang'ana pansi. "Kunena zoona, nanenso ndimapezeka ndatsinzina. Pakamwa pakangotuluka mawu amenewo, maso amatsekeka okha. Inetu ndine mlembi wa mpingo." Anapumira kaye. "Ena amayankha ame. Agogo ena a kwa Goliati anapemphera pemphero lonse, kupempherera ine, chipatala, ndi boma lomwe. Ndinkaganiza kuti mwina olemba fomu anaikapo dala kuti odwala alimbe mtima."

Ndinayang'ana ababa. Anali akuyang'ana tcheni cha njinga ya a Dickson ngati ndicho anabwerera.

M'galimoto yopita ku boma ndinaimbira mayi Tawonga. Linali Loweruka koma anabwera kuchipatala atavala zapakhomo, atanyamula mafomu onse amene anali atabwerako. Atamva nkhani yanga anakhala pabenchi n'kuyamba kuwatsegula limodzilimodzi. Anali sate-foro. Pa nambala seveni, onse sate-foro anali ndi malikisi onse. M'zipatala zinayi, palibe ngakhale munthu mmodzi amene diso lake linakana kutsekeka.

"Ine ndinkasangalala," anatero mayiyo. "Odwala ena tinkawayesa kawiri, alangizi awiri osiyana, kuti tione ngati apereka malikisi ofanana. Pa funso limeneli ankagwirizana nthawi zonse. Ndinalemba mu lipoti kuti ndilo funso lolimba kuposa onse."

"Akanasiyana bwanji," ndinatero ine, "onse atatsinzina?"

Ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa mayiyo anali akulira. Tsiku lomwelo anaimitsa fomu, anaimbira alangizi onse kuti akasake anthu aja m'midzi n'kuwayang'ana m'maso. Amayi anawapaka mafuta, anawaphimba, n'kutilembera kalata yopita kwa madokotala a maso ku Lilongwe.

Lolemba m'mawa tinali pamzere. Dokotala wake anali mtsikana wamng'ono thupi, wosachedwa ndi mawu. Anathira mankhwala achikasu m'diso, anaunika ndi makina ake, n'kufunsa kuti nkhope inafa liti. Nditamuuza anapukusa mutu.

"Chilonda tichiza, diso silichotsedwa. Tisoka chikope pang'ono kuti litsekeke mpaka nkhope idzadzuke. Koma chilondachi chalowa, ndipo chili pakati. Chikapola pasiya chipsera."

"Adzaona nalo?" Anafunsa ndi ababa. Chichokereni kwa a Dickson anali asanatsegule pakamwa kupatula kuyankha moni.

"Kuwala ndi mdima, mwina ndi zithunzithunzi. Kuzindikira munthu, ndikukayika." Kenako ananena mawu amene ndikanakonda akanawasunga. "Mukanabwera sabata yoyamba, bambo, inali nkhani ya mafuta ndi kapulasitala basi. Kodi kuchipatala kwanuko sanaone kuti silikutsekeka?"

Ndinatsegula pakamwa. Mawu anali okonzeka, akuthwa, ndinali nditawanola ulendo wonse. Amayi anandigwira bondo n'kulifinya. Ndinatseka.

"Sanaone," anatero ababa. "Pepala limene ankawerenga ndinalemba ndine."

Dokotala sanamve tanthauzo lake, anangopitiriza kulemba. Amayi ndiwo anati, "Madzi akatayika saoleka, bambo a Milli. Tanyamulani chikwamacho."

Musaganize kuti kuyambira pamenepo ababa anasanduka munthu wina. Aaa, mukuwadziwa inu? Titabwerako anatulutsanso tebulo pakhonde. Mayi Tawonga anati angolemba kuti tsekani maso, iwo anakana kwamtuwagalu, akuti maso sanasanduke chitseko chifukwa choti iwo anapunthwa. Anakhala masiku anayi pa mzere umodzi. Zimene anatulutsa n'zakuti: "Ili si pemphero. Manja akhale pamaondo, mutu usawerame, nkhope iloze kwa ine. Tsinzinani zolimba ngati mwakumana ndi fumbi la thiraki." Pansi pake analemba ndi zilembo zikuluzikulu mawu a mlangizi yekha: "INU MUSATSINZINE." Ine nditati ndi yaitali, anandiuza kuti ndikaphunzitse ana.

Koma ulendo uno sanadikire za ku Tete. Tsiku la msika anatenga pepala lawo n'kukaima pafupi ndi ogulitsa tomato, kumapempha aliyense wodutsa, makamaka achikulire, kuti amuwerengere. Ankawerenga maso ali pa munthuyo, osati papepala. Anayesa anthu oposa fifite, mpaka amayi ena anawafunsa ngati ayamba mpingo wawo. Atatu anaweramabe, ndiye anabwerera kunyumba kukasinthanso mawu. Pano fomuyo ikuyesedwanso kuyambira pachiyambi, ndipo mayi Tawonga amati akafuna kusintha ngakhale mpatuliro umodzi amayamba wapemphera asanawaimbire foni ababa. Mwa anthu sate-foro aja anapezamo asanu amene maso awo sankatsekeka. Anayi anawapeza nthawi ilipo. Wachisanu ndi amayi.

Nkhope yawo inadzuka pang'onopang'ono, pofika Okutobala kamwa linali litabwerera pafupifupi pamalo pake. Ulusi anachotsa. Diso likutsekeka tsopano, koma pakati pali chipsera choyera, ndipo chilichonse chobwera kumanzere amachizindikira chitawagunda kale. Anagunda mphuthu ya chitseko kawiri. Tsiku lina pamsika wa kabaza anawakhula ndi hendulo, anagwera m'matomato a eni, chigongono chinasupuka. Sanadandaule kwa aliyense, tinamva kwa ogulitsa.

Mwezi watha ndinapita kumudzi Loweruka, ndipo Lamulungu m'mawa tinanyamuka atatu kupita kutchalitchi. Kwathu mwamuna amayenda patsogolo, mkazi pambuyo, ndi mmene ndawaonera makolo anga moyo wanga wonse, ababa mamita khumi kutsogolo ndi Baibulo kukhwapa, osacheuka. Tsiku limenelo ndinaona akuyenda pambali pa amayi, kumanzere, phewa ndi phewa. Njira yake ndi yopapatiza, ya njinga ndi ngolo, ndiye iwo ankaponda m'maudzu, mame akunyowetsa thalauza la suti, chisoso chikumata mpaka m'maondo.

"Ndi tsiku lililonse zimenezi," anatero amayi, akulankhula ndi ine ngati mwini wake palibe. "Kumunda ali pano. Kuchigayo ali pano. Dzana ndikupita kumjigo, ndikutembenuka, ndagunda munthu ndi ndowa. Azimayi akundiseka, Milli. Tawauza abambo akowa."

"Ababa, mwamva?"

Anangopitiriza kuponda m'maudzu, maso ali kutsogolo.

"Bambo a Milli," anatero amayi, "tapitani kutsogolo monga anthu. Nkhalamba ziwiri kugundana mapewa mumsewu ngati ana a sekondale, anthu aziti chiyani? Mwandipondanso chitenje."

"Kukubwera njinga," anatero ababa.

Ndinayang'ana. Njinga inalikodi, koma kutali, kutsidya kwa dambo, yoti ifike pamene tinali ife n'kuti titaimba kale nyimbo yoyamba. Ndinafuna kuwauza zimenezo, koma ndinazisiya. Ndakwiyira bambo amenewa chaka chathunthu, ndipo mkwiyo sunathe, koma pamenepo ndinawamvera chisoni.

Amayi anaima, anatembenuza mutu wonse kuti awaone ndi diso labwinolo, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuthalauza lonyowalo.

"Ndiye muzikwinya thalauzalo," anatero. "Wochapa ndine."

Ababa anawerama, anakwinya miyendo yonse iwiri mpaka m'maondo, suti ili pamwamba, n'kubwerera m'maudzu momwemo, kumanzere.